Kuyesa mwana, kapena kungoyesa kuti akudziwa?

Aliyense amene adakulira m'boma la Chiradzulu, kaya kunsi kwa phiri lija limene boma lathu lidatengerako dzina, kaya ku Namitambo, ku Thumbwe, ku Namadzi kapena m'midzi ya kwa Kadewere ndi kwa Nkalo, akulidziwa tsiku lotsekera sukulu, tsiku limene ana amalawirira m'mamawa atasamba ndi kudzola ngati akupita kuukwati, makolo nawo n'kusiya makasu awo kuti akakhale pamthunzi pabwalo la sukulu, ndipo mphunzitsi wa kalasi iliyonse amaimirira ndi pepala m'manja kuti aitane mayina, kuyambira wa nambala wani, amene amayi amamululutira nthungululu, mpaka pamzere uja woopsa pamene amati “otsatirawa alephera,” bwalo lonse n'kuyamba kuseka, ana ena n'kuzembera kuseri kwa kalasi mayina awo asanatchulidwe. Ine ndidaima pabwalo lotere zaka zambiri, poyamba monga mwana wogunda mtima, pambuyo pake monga mphunzitsi wogwira pepalalo. Ndipo lero, popeza choko ndidachitula, ndikufuna kuulula poyera chimene ndinkachidziwa mumtima koma osachinena, chakuti pepala lija linkandiuza bwino lomwe amene waposa mnzake, koma za chimene mwana aliyense akudziwa ndi pamene akupunthwa lidali duu.

Chinenero chathu, chimene ena amachinyoza kuti n'chosauka, chidaikiratu nkhani yonseyi m'mawu amodzi. Telala amayesa nsalu asanaidule, ndipo venda wa nandolo pamsika wa Mbulumbuzi amayesa thumba pasikelo, kamwana kongoyamba kumene kuyenda kamayesa kuimirira, n'kugwa, n'kuyesanso, m'Malembo timamva za woyesa uja amene ntchito yake ndi kutchera munthu msampha kuti agwe, ndipo potsiriza pali kuyesa kwa munthu amene waganiza molakwa, monga muja timanenera kuti, “Pepani, ndimayesa mwapita kale.” Kuyesa konseku kumapezeka m'kalasi. Alipo mphunzitsi amene amayesa monga telala, kuti adziwe podula ndi posoka. Alipo wina amene amapatsa ana mpata woyesa ndi kuyesanso kufikira ataimirira okha. Aliponso, tisabise, amene amakonza mafunso ake ngati diwa, nakondwera akaona kuti laphana ambiri. Koma ochuluka a ife, amene sitidali oipa mtima koma tidapanikizika ndi unyinji wa ana ndi kuchepa kwa nthawi, tidagwera m'kuyesa kotsirizako: tinkangoyesa kuti ana akudziwa.

Zimenezi ndidaziphunzira mwamanyazi chaka china pamene ndinkaphunzitsa Sitandade 4 pasukulu ina ya m'boma lino. M'kalasimo mudali mnyamata wochangamuka, wa mawu okweza, amene ankakhala woyamba kuvomera kuti “Eee!” ndikafunsa kuti “Mwamva?”, ndipo tikamawerenga tonse pamodzi mawu ake ndiwo ankakoka anzake monga wotsogolera nyimbo kutchalitchi. Tsiku lina mvula itatitsekera m'kalasi nthawi yoweruka, ndidamuitana kuti andiwerengere potaya nthawi, ndipo adawerenga tsamba lonse bwinobwino osaphonya kanthu. Koma nditaika chala changa pakati pa tsambalo ndi kumufunsa kuti pamenepo palembedwa chiyani, adakweza maso kudenga, milomo ikugwedezeka, akubwereza nkhani yonse kuchokera pachiyambi kuti akafike pamene padali chalacho. Ndidatenga choko ndi kulemba pabolodi mawu akuti “nyumba,” amene mudalibe m'nkhaniyo, ndipo mwanayo adangoti kakasi. Adali atadutsa makalasi atatu, atalemba mayeso a materemu asanu ndi anayi, aphunzitsi atatu atamuchongera, ine wachinayi, pakuti mafunso athu tinkawatenga m'nkhani zomwezo zimene iye adaloweza pamtima, ndipo zotsalazo ankazijambula kwa woyandikana naye, poti ana ankakhala mothithikana phewa ndi phewa. Ndipo padalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene adazindikira kuti mwanayu adali ndi khutu lakuthwa ndi mutu wosunga zinthu, koma malembo adali kwa iye ngati mapazi a nkhuku pamchenga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlanduwo sudali wake, pakuti iye ankachita chimene tinkamuombera nacho m'manja. Udali wa ife amene tidamva phokoso la kalasi n'kuliyesa nzeru ya mwana aliyense.

Sindikunena kuti akuluakulu a zamaphunziro sadaione nkhaniyi. Pamene boma lidachotsa fizi m'sukulu zapulayimale m'chaka cha 1994, ana adakhamukira kusukulu kotero kuti chiwerengero chawo chidachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha, ndipo aphunzitsi zikwizikwi adalembedwa ntchito asanaponde kukoleji. Chidali chinthu chokoma kuti mwana wa mmphawi atsegulidwe khomo, komatu walira mvula walira matope, ndipo matope ake adali makalasi a pansi pa mitengo mmene mphunzitsi sankatha ngakhale kusunga mayina a ana ake. M'chaka cha 2002 bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi, mothandizana ndi Save the Children ndi abwenzi ena, lidayesa njira ina m'sukulu 21 za m'boma la Ntcheu, kumene aphunzitsi a Sitandade 3 ankaitana ana mmodzimmodzi kuti aonetse chimene angathe pa masamu, Chichewa ndi Chingerezi, ndipo mwana akapyola gawo lina ankasunthidwa pa tchati cha mitundu ya utawaleza, kuyambira pofiira kumka m'tsogolo, kuti iye mwini, mphunzitsi wake ndi kholo lake aone pamene wafika. Pambuyo pake, m'chaka cha 2007, maphunziro atsopano amene amadziwika ndi dzina lakuti PCAR adalowa m'sukulu zonse kuyambira Sitandade 1, ndipo phata lake lidali lomweli, lakuti mwana aziunikidwa tsiku ndi tsiku pamene akuphunzira, osati kudikira sabata yotsiriza ya teremu. Ndipo pa muyeso wake wa magawo anayi, mwana wa pagawo lotsikitsitsa sadatchedwe wolephera, adatchedwa wofunika thandizo. Mawu amenewo ndimawalemekeza mpaka lero, pakuti amachotsa chala pa mwana n'kuchilozetsa kwa ife akuluakulu.

Koma taonani chimene chidachitika mbewu yabwinoyo itagwera m'nthaka yathu. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60; ife a m'makalasi aang'ono tinkadziwa bwino kuti kaundula wathu kawirikawiri ankapitirira 100. Tsono werengani nokha: mphunzitsi amene ali ndi ana 120, akati amve mwana aliyense akuwerenga kwa mphindi zitatu zokha, afunika maola asanu ndi limodzi, kuposa tsiku lonse la sukulu la ana aang'onowo, ndipo apo n'kuti phunziro lake ndi limodzi, luso lake limodzi, ndipo ana 119 enawo akhala chete kudikira, chimene sichinachitikepo chiyambire dziko. Pamwamba pa izi padabwera mapepala: mindandanda yoti muchongemo luso lililonse la mwana aliyense, mabuku osungiramo malikisi, zikwama zosungiramo ntchito za ana pasukulu imene ilibe ngakhale kabati yotseka. Ndipo popeza mlangizi wa maphunziro wa zoni, amene timamutcha PEA, akafika pasukulu amapempha kuona mabukuwo, poti buku ndilo lingaonedwe msanga kuposa mutu wa mwana, ambiri a ife tidaphunzira luso latsopano lodzaza mabokosi usiku pa nyali, kupatsa uyu 3, uyo 2, monga mmene nkhope zawo zinkabwerera m'maganizo. Ndikuti ambiri a ife chifukwa inenso ndidatero. Choncho chinthu chimene chidabwera kudzatsegula maso a mphunzitsi chidasanduka msonkho woperekedwa kwa bwana, ndipo sikelo yonama imene timadana nayo pamsika wa nandolo tidailowetsa tokha m'kalasi.

Palinso mthunzi wina umene umaphimba makalasi onse, ndiwo mayeso a Sitandade 8 amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1987. Mayesowo ine sindiwada ayi. Malo a kusekondale ndi ochepa, ndipo pogawa chakudya chochepa pamafunika muyeso umodzi umene mwana wa ku Njuli ndi mwana wa ku Chitipa angayesedwe nawo mofanana. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mbiri ya sukulu, ulemu wa ahedi ndi mtendere wa mphunzitsi pakati pa makolo zidapachikidwa pa chiwerengero cha ana osankhidwa, kotero kuti aphunzitsi odziwa ntchito amatumizidwa ku Sitandade 8, kumene chaka chonse chimathera pa mayeso a moko ndi kubwereza mapepala a zaka zapitazo, pamene Sitandade 1 ndi 2, kumene kuli mmera, amasiyidwa m'manja mwa aliyense amene wapezeka. Ndipo ngakhale mphunzitsi wa Sitandade 5 amayamba kukonza mafunso ake motsanzira MANEB, a kusankha yankho limodzi mwa anayi, amene amachongeka msanga koma salola kuti muone njira imene mwana wadzera. Onjezerani pamenepo nkhani ya chinenero. Kuyambira Sitandade 5 mafunso amabwera m'Chingerezi, ndipo mwana amene amadziwa bwino lomwe chifukwa chake chimanga chimachita chikasu pamene feteleza wasowa, amene angakufotokozereni zimenezo m'Chichewa kapena m'Chiyao kufikira mutakhuta, amalemba zopanda mutu chifukwa funsolo silidamveke. Ife n'kulemba m'buku kuti sadziwa sayansi, chikhalirecho chimene tayesa ndi Chingerezi chake. Ndipo kumene kupembedza malikisi kumathera tidakuona tonse mu Novembala 2020, pamene mayeso a Fomu 4 adathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala adabedwa, ana osalakwa n'kukalembanso mu Januwale.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala a nthendayi ali m'boma lathu lomwe lino, ndipo timawadutsa pa minibasi tsiku ndi tsiku. Chiradzulu si mlendo pa nkhani ya sukulu: ku Magomero amishoni adayamba kuphunzitsa ana m'chaka cha 1861, ndipo ku Mbombwe Mbusa John Chilembwe adakhazikitsa mishoni yake ya PIM m'chaka cha 1900, imene idatsegula sukulu zoyendetsedwa ndi anthu akuda okhaokha. Koma malo amene ndikufuna kuloza ndi Nguludi, kumene kuli koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira, pafupi ndi sukulu ya ana osamva ya Maryview. Mphunzitsi wa mwana wosamva sangafunse kuti “Mwamva?” n'kukhutira ndi chivomerezo cha gulu, mphunzitsi wa mwana wosaona sangaloze pabolodi n'kuyesa kuti zalowa. Ntchito yawo imawakakamiza kuyamba ndi funso limene enafe timalizemba, lakuti mwana uyu, uyu yekhayu, angathe chiyani lero, ndipo phazi lake lotsatira liponde pati. Nzeru imeneyo si ya ana olumala okha. Ndikadakhala ndi mawu m'bwalo la akuluakulu, ndikadapempha kuti wophunzira uphunzitsi aliyense wa pakoleji ya Chiradzulu akakhaleko masiku angapo ku Nguludi, osati kukaphunzira zilembo za anthu osaona, koma kukaona ndi maso ake mmene munthu amakhalira pansi ndi mwana mmodzi kufikira atamudziwa. Pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina adzati, “Achikulire, mwatiwerengera nokha maola asanu ndi limodzi aja, nanga tsopano mukutiuza chiyani?” Ndikuti tichepetse zimene tikulemba kuti zimene talembazo zikhale zoona. Mphunzitsi amene sangamve ana 120 tsiku limodzi angathe kumva asanu ndi mmodzi, pamene enawo akulemba, ndipo pakutha pa masabata anayi wawamva onse. Pa teremu wawamva katatu, ndipo katatu koona kaposa mabokosi makumi asanu odzazidwa pa nyali. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chimene akuyenera kulemba m'kabuku kake si nambala, koma mawu ochepa amene angamuthandize mawa: uyu akudziwa malembo koma sakutha kulumikiza maphatikizo, uyu akusokoneza b ndi d, uyu amaiwala kubwereka pochotsera. Ndondomeko yophunzitsa kuwerenga imene boma lidayambitsa m'chaka cha 2016 idatipatsa kale makwerero ake, kuchokera pa maliwu ndi malembo kufika pa maphatikizo, mawu ndi ziganizo, ndipo chotsala n'chakuti tidziwe khwerero limene mwana aliyense waimapo. Pofunsa kalasi yonse, m'malo molola kuti akuthwa pakamwa ayankhire anzawo, ana onse alembe yankho pa sileti, pa kapepala, ngakhale pansi pa dothi, ndipo mphunzitsi ayende m'mizere kuona; mphindi ziwiri zotere zimaulula zambiri kuposa “Eee!” wa chaka chonse. Ndipo funso likakanika m'Chingerezi, alifunsenso m'chinenero cha mwanayo, kuti adziwe ngati chosowa ndi nzeru kapena mawu.

Komatu kudziwa kokha sikuchiza. Sing'anga amene amayeza wodwala, n'kulemba dzina la nthenda m'buku, n'kumuuza kuti abwerenso chaka chamawa, sitingamutche sing'anga. Koma ndi zomwezo zimene timachita tikamuuza mwana kuti abwereze kalasi, n'kumukhazika pamalo omwewo, kumva mawu omwewo amene adamukanika chaka chatha, kufikira atakula msinkhu, manyazi n'kumugwira, n'kupita kukagwira ganyu ku Limbe kapena kukwatiwa. Ana amene apezeka kuti atsalira ayenera kupatulidwa kagulu kawo kwa theka la ola, kaya m'mawa ena asanafike kaya anzawo ataweruka, ndipo ahedi ayenera kuiwerengera nthawi imeneyo monga ntchito, osati monga chifundo cha mphunzitsi. Zaka zapitazi zatiphunzitsa kufunika kwake mowawa. Sukulu zidatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa korona ndipo zidayamba kutsegulidwa mu Seputembala. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri ndi nyumba m'boma lino, makalasi ambiri n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Ana atabwerera, ena adali ataiwala zimene ankadziwa, ena adali ndi chisoni cha maliro mumtima. Ndipo mphunzitsi amene adangotsegula buku patsamba limene adalekezera, osayamba wafufuza pamene ana ake ali, adali ngati mlimi wobzala m'munda wokokoloka osayang'ana ngati nthaka ikadalipo.

Za mwambo woitana mayina pabwalo, ndikudziwa kuti ndikukhudza chinthu chimene ambiri amachikonda. Amati mpikisano umadzutsa ana, ndipo ndikuvomera kuti umadzutsa khumi a pamwamba, amene amalimbirana nambala wani monga atambala. Koma sindinaonepo mwana wa nambala 97 amene adalimbikira chifukwa chosekedwa pamaso pa amayi ake. Amene ndidawaona ine adaphunzira chinthu chimodzi chokha, ndicho kujomba tsiku lotsekera, kenaka sabata ya mayeso, kenaka teremu yonse. Tiyamikire ochita bwino, inde, ndipo nthungululu zilire. Koma tiyamikirenso mwana amene adayamba teremu osadziwa lembo ndi limodzi lomwe ndipo waimaliza akuwerenga chiganizo, pakuti ulendo wake ndi wautali kuposa wa uja adachoka pa nambala 2 kufika pa nambala wani. Ndipo za otsalirawo zikambidwe m'kalasi, pakati pa mphunzitsi, kholo ndi mwana, monga mmene nkhani za m'banja zimakambidwira pamaso pa ankhoswe, osati pamsika.

Mnyamata uja wa “nyumba” ndidakhala naye masana angapo pa sabata, tikulemba maphatikizo pansi ndi kamtengo, ndipo chaka chisanathe adawerenga yekha kalata imene idachokera kwa amalume ake ku Joni. Sindikudzitama nazo, pakuti adapezeka mwangozi ya mvula, ndipo amene sadatsekeredwe nane ndi mvula adapita osadziwika. Chifukwa chake ndikupempha inu a PEA, kuti mukafika pasukulu musayambe ndi mabuku a malikisi. Tengani ana asanu amene mwasankha nokha, muwamve akuwerenga, ndipo pokhapo mutsegule bukulo kuti muone ngati likunena zoona. Inu ahedi, tumizani mphunzitsi wanu wodalirika ku Sitandade 1. Ndipo inu makolo anzanga, mwana akabwera ndi lipoti lake musalekere pa kufunsa kuti “Wakhala nambala chani?”, mupatseni chinthu chimene sadachilowezepo, kaya ndi thumba la feteleza, kaya ndi buku la kuchipatala, kaya ndi nyuzipepala, mukhale naye pakhonde, ndipo akuwerengereni.